Kabokosi Komaliza pa Fomu ya Adona

Mwana wanga akamalira samveka. Kakamwa kamayasama, nkhope imakwinyika, misozi imatsetsereka mpaka m'makutu, koma mawu zii. Mpweya wake sudutsa kumene kumachokera mawu. Umalowa ndi kutuluka pa kapaipi kamene madokotala anamuika pakhosi ali ndi miyezi iwiri. Ndiye amayi anzanga amalera ndi makutu, ine ndimalera ndi maso. Supuni ikagwa pansi ndimaifufuza ndi dzanja, nkhope ili kwa mwana.

Anabadwa masiku asanakwane, mapapo osakhwima. Masana amapuma yekha kudzera pa kapaipiko, koma akagona mpweya umamuchepera, ndiye timamulumikiza ku makina oti azimukankhira. Kapaipiko kamatha kutsekeka ndi makhololo nthawi ina iliyonse, ndipo kakatsekeka mwanayo alibe njira yokuuzira. Anamwino anamutcha Adona, chifukwa akangokwinya pamphumi anthu atatu amadzuka pamipando. Pa nthawi imene ndikunenayi Adona anali ndi chaka ndi miyezi inayi, ndipo kwawo anali asanakuoneko. Inenso chilowereni m'chipatalamo ndi kachikwama ka matewera ndinali ndisanagonenso pa bedi langa.

Wodi yathu inali pansanjika yachitatu. Mabedi anayi, sinki imodzi, ndi windo limodzi lomwe analikhoma misomali kuti fumbi lisalowe. Dziko langa linali mpando wapulasitiki pakati pa bedi ndi khoma. Ndikatambasula mwendo wamanja ndinkagunda silinda ya okosijeni, wamanzere makina okoka makhololo. Kubafa ndinkapita chothamanga, namwino ataima pamalo panga, ndipo ndinkabwerako sopo ali kukhutu. Achibale obwera kudzationa, masiku oyambirira aja asanatope, ndinkawauza mawu amodzimodzi: akaidi bola, amadziwa tsiku lotuluka.

Kenako m'mawa wina dokotala wamkulu anati Adona atha kupita kunyumba. Makina awiri okagwiritsa ntchito kwathu anabwera m'makatoni, tinawalowetsa pansi pa bedi. Chinatsala ndi fomu.

Fomuyo inali ndi mizere yambiri, ndipo mzere uliwonse unali ndi timabokosi tiwiri, ka wosamalira woyamba ndi ka wosamalira wachiwiri. Kusamba m'manja. Kukoka makhololo. Kutsuka pakhosi. Kupopa mpweya ndi chibaluni makina akazima. Kusintha kapaipi. Lamulo linali lakuti mwana satuluka mpaka anthu awiri a pabanja atadziwa zonsezo, timabokosi tonse titachongedwa. Wophunzitsa ndi wochonga anali sisita wina wamfupi, wa mawu otsika, amene sindinamumvepo akukalipa. Ukalakwitsa ankangoyang'ana wotchi yake n'kunena kuti, "Bwerezani." Wodi yonse inkamutcha Sisita Bwerezani, ndipo mwini wake ankadziwa.

Ine timabokosi tanga ta patsambalo ndinadzaza m'miyezi iwiri. Sindikudzitama, koma ndisanabereke ndinkaluka tsitsi mu saluni, ndipo munthu amene walukapo timizere pamutu pa mwana wosakhazikika sangaope kabowo ka pakhosi. Ndinamufunsa sisita kuti munthu wachiwiri ndi wachiyani pamene ine ndilipo nthawi zonse.

"Mutu umodzi susenza denga, mayi," anatero.

"Wangawu wasenza chaka chathunthu, asisita."

"Ndaona. N'chifukwa chake wapendekeka."

Wachiwiriyo anali amuna anga. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Ankabwera tsiku lililonse akaweruka, akununkha chitsulo chopsa, n'kusamba mpaka m'zigongono kawiri chifukwa koyamba madzi ankatuluka akuda. Lachiwiri lililonse ankaphunzira pa chidole chokhala ndi kabowo pakhosi ngati ka Adona. Ndinene zoona, mutu ali nawo. Makina opumira anawadziwa kuposa anamwino ena, ndipo tsiku lina anakonza tayala la chitsulo chopachikapo diripi lomwe linakhala likutilirira m'makutu chaka chonse. Timabokosi tawo tinadzaza kamodzikamodzi mpaka kanatsala kamodzi, ka kusintha kapaipi.

Kapaipi amasintha kamodzi pa mlungu, Lachisanu. Ndi ntchito ya anthu awiri. Mwana amamugoneka chagada, kathaulo kopinda pansi pa mapewa kuti khosi lioneke bwino. Mmodzi amadula tizingwe n'kuzula kakale, winayo amalowetsa katsopano. Pakati pa kuzula ndi kulowetsa pali kanthawi kochepa, kongokwana kuwerenga mpaka faifi, pamene mwana amakhala alibe popumira pabwino. Kabowoko sikakhala phee kukudikira. Mwana akamaphiriphitha kamasuntha, kamafinyika, ndipo ukachedwa milomo imayamba kuda.

Pa chidole amuna anga sankaphonya. Pa Adona anaphonya Lachisanu loyamba lomwelo. Ine ndinazula, iwo anabweretsa katsopano bwinobwino, koma katatsala pang'ono kufika ndinawaona: anatsinzina. Kapaipi kanagunda pambali pa kabowo, pakhungu. Dzanja langa silinadikire kuuzidwa. Linalanda n'kulowetsa.

"Bwerezani," anatero sisita. "Lachisanu."

Mlungu wotsatira zinachitika chimodzimodzi. Winawonso chimodzimodzi, ndipo ulendo umenewo panatuluka timagazi pakhosi pa mwana. Kutsinzina kumodzi, mlungu wathunthu. Makatoni aja pansi pa bedi anayamba kuchita fumbi, ndipo mayi wokolopa ankawazungulira akung'ung'udza.

Bedi la pawindo linali la mwana wamkazi wa zaka zitatu, wa kapaipi ngati wanga. Amayi ake ndinawapeza momwemo, ndipo tinkangowatcha Mayi a Pawindo. Fomu yawo mbali imodzi inali yodzaza, ina yoyera mbee. Amuna awo anatsika kukagula sopo mwana ali ndi miyezi isanu, ndipo mpaka lero sopoyo akusankhabe. Mayiwo sankadandaula. Ankapinda matewera molongosoka, ankadziwa namwino aliyense ndi mapazi ake, ankadziwa tsiku lomwe kumabwera nsalu zatsopano. Ndikawayang'ana ndinkaona kumene ndikulowera.

"Anuwo bola akubwera, mnzanga," anandiuza tsiku la timagazi lija, amuna anga ali kusinki.

"Ntchentche nazonso zimabwera," ndinayankha.

Nditatero ndinawakokera amuna anga pakhomo la wodi, pamalo pomwe ndikapotoza khosi ndimaonabe bedi.

"Bambo ake, tandiuzani zoona. Mumanyansidwa naye?"

"Ndani?"

"Mwana wanu. Kabowo kake. Mukangofika pafupi mumatseka maso ngati mukumwa mankhwala owawa."

"Sinditseka maso ine, mayi ake."

"Katatu konse ndakuonani ndi maso angawa."

"Ndikuti sinditseka. Dzanja ndi limene..." Analiyang'ana dzanjalo, kulitembenuza uku ndi uku. "Kaya. Sindikudziwa."

"Simukudziwa. Inu mumagona pa matiresi, mumadzuka, mumaona dzuwa, mumakangana ndi makondakitala a basi. Ine ndikuwolera pa mpando uwo. Ngati khosi la mwana wanu simungathe kuliyang'ana, nenani, ndifune munthu wina woti azikhala bambo wake Lachisanu lokha."

Analowa n'kukagwira kaphazi ka Adona monga amachitira potsanzika, anavala kapu yawo, ulendo. Mawu amenewo anali oipa, ndipo ndinadziwa ndikuwalankhula. Koma masiku amenewo ndinkadana nawo amuna anga, osati chifukwa cha kapaipi kokha ayi. Ndinkadana nawo chifukwa chitseko cha kumapeto kwa kolido chinkawatsegukira tsiku lililonse.

Masiku atatu otsatira anabwerabe, nthawi yomweyo, ndi kajumbo ka zovala zochapa. Tinkangolankhulana za matewera.

Lachiwiri sisita anabwera ndi chidole chake monga mwa nthawi zonse, koma asanayambe anandipatsa foni yake.

"Mayi, jambulani kanema. Manja asiyeni. Jambulani nkhope."

Sisita anazula kapaipi pa chidole, amuna anga analowetsa katsopano. Kanalowa bwinobwino. Kenako tinaunjikana atatu pa fonipo, ine diso limodzi lili pa bedi. Pa kanemayo amuna anga anaweramira chidole, lilime pakati pa mano, dzanja likutsika pang'onopang'ono. Litatsala pang'ono kufika, maso onse awiri anatsekeka. Kapaipi katalowa anatseguka.

"Tabwezerani," anatero amuna anga.

Sisita anabwezera.

"Koma ndi zoona," anatero, mawu atatsika. "Ndine amene."

"Ndi pa chidole pomwe amatsinzina," anatero sisita. "Kungoti kabowo ka chidole sikasuntha, ndipo tonsefe tinkayang'ana manja." Anandilanda foni osandiyang'ana. "Kaya chidolenso amanyansidwa nacho."

Ndinayang'ana pansi. Ndimaiwala kuti mawu anga amafika kutali.

"Bambo," anapitiriza sisita, "kuntchito kwanu mumavala chiyani kumaso?"

Amuna anga anagwira pakamwa.

"Chophimba kumaso chilipo chimodzi, asisita, pamene anthu tilipo anayi. Komanso galasi lake ndi lakuda bii, suona pomwe ukuyambira. Ndiye tikamangogwiriza zitsulo ndi timadontho, umalunjikitsa ndodo yowotcherera ukuyang'ana, ikamati igunde umatsinzina kuti kuwala kusakuotche maso. Ikagwira umatsegula." Anakanda m'mutu. "Zaka makumi awiri tsopano. Sindimadziwanso kuti ndimatero."

"Ilipo ntchito yomwe mumagwira maso ali otsegula mpaka pamapeto?"

"Popala zitsulo ndi makina. Pamenepo ukatsinzina wasiya chala. Timavala magalasi oyera, otseka m'mbali."

"Lachisanu mubwere nawo. Muwatsuke ndi sopo katatu."

Ine mumtima ndinati izi ndi zamasewera, mwana wanga si geti. Koma mlungu umenewo pakamwa panga ndinali nditapagwiritsa kale ntchito mokwanira, ndiye ndinangoti duu.

Lachisanu anabwera nawo. Magalasi ake akuluakulu, okalikakalika, lamba wake wa mphira womanga mfundo kumbuyo. Atavala, anamwino awiri anabwera kudzaima pakhomo akubisa kuseka kuseri kwa mafayilo. Tinamugoneka Adona, kathaulo pansi pa mapewa. Mwanayo anawayang'ana bambo ake kukamwa kuli yasa, mpaka anaiwala kuphiriphitha. Ndinadula tizingwe, chala changa chili pa kapaipi kakale.

"Mwakonzeka?"

"Zulani."

Ndinazula. Nthawi yomweyo ndinamva sisita akundigwira mkono wamanja, osafinya, kungogwira. Dzanja la amuna anga linatsika. Kuseri kwa magalasi maso anali tong'o, osaphethira n'komwe. Adona anakankha kaphewa, kabowo kanasuntha, dzanjalo linakatsatira. Kapaipi kanalowa mokhota monga kamayenera kulowera. Mwana anatsokomola, kachifuwa kanakwera, kanatsika, kanakweranso. Amuna anga anamanga tizingwe, n'kulowetsa chala chimodzi pansi pake kuyesa ngati sitinathine. Sisita anayang'ana wotchi, anatulutsa cholembera m'thumba, anachonga.

Amuna anga anakhala pansi penipeni, pa simenti, magalasi atachita nthunzi. Pepani ndi mawu aafupi koma amakakamira pakhosi. Ndinawapatsa mpando wanga, umene chaka chonse sindinapatsepo munthu. Anaumvetsa uthengawo, anakhalapo.

Ine ndinali nditagwada kale, ndikukoka makatoni pansi pa bedi.

"Asisita, galimoto ibwere mawa kapena Lolemba?"

Sisita anatembenuza fomu ija. Kuseri kwake kunali mzere umodzi wokha, ndi kabokosi kamodzi. Anawerenga mokweza: wosamalira woyamba achoke kwa maola awiri, atuluke kunja kwa mpanda wa chipatala, mwana atsale ndi wosamalira wachiwiri.

"Chimenechinso n'chiyani?"

"Kunyumba mudzafunika kukatenga mankhwala. Mudzadwala chimfine. Mudzafuna kugona ngati munthu. Ndaona amayi akubwerera kuno pakatha milungu itatu, mwana ali bwinobwino, mayi atachita kunyamulidwa. Ndiye timafuna tione kuti mungathe kumusiya. Kabokosi aka timakasungira pamapeto, wachiwiri akadziwa zonse."

Ndinaseka mpaka Adona anandicheukira.

"Asisita, chaka chonse ndakhala ndikulirira chitseko icho. Maola awiri achepa, ndipatseni anayi."

"Awiri akwana. Mawa thuu koloko."

Loweruka ndinatulutsa diresi la pansi pa chikwama, lomwe ndinabwera nditavala ndili ndi pakati. Linali lotaya mbali zonse. Ndinavala nsapato zenizeni m'malo mwa masilipasi, ndipo zala zinadabwa. Mayi a Pawindo anandipesa tsitsi, ine mwini wa saluni, ndipo sindinanene kanthu ngakhale mzere anaukhotetsa.

"Mukandionereko ngati mayi wa nthochi uja adakali pa geti," anatero. "Anali wowonda, wa mawu aakulu."

Amuna anga anafika nthawi isanakwane, atameta, atavala malaya oyera. Ndinaima pambali pa bedi chikwama chili paphewa.

"Akakwinya pamphumi ndi makhololo. Akakoka khutu ndi tulo, mumulumikize asanagone."

"Ndikudziwa, mayi ake."

"Makina akalira musathamangire makina, yang'anani mwana kaye. Foni ikhale m'thumba. Musatembenuke."

"Ndamva."

"Supuni ikagwa isiyeni."

"Mayi," anatero sisita ali pa tebulo lake, "thuu koloko yadutsa ndi mphindi zitatu."

Dzuwa linali likuwala pa windo. Adona anali kalikiliki kukoka batani la malaya a bambo ake ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Ndinatuluka.

Kolido ndinaidutsa mwamphamvu, nsapato zikumveka. Ndinadutsa bafa, ndinadutsa kachipinda ka nsalu, ndinafika pa chitseko chija. Chinali cholemera kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinachikankha ndi phewa, ndipo chitatsekeka kumbuyo kwanga phokoso lonse la wodi linaduka. Masitepe ake ali mkati mwa nyumba, opanda windo, nyale imodzi yokha pamwamba. Kuchokera pansi penipeni kunkamveka kugunda kwa makina ochapira.

Ndinatsika masitepe khumi ndi imodzi. Pamenepo pali pokhota, ndipo ndi pomwe ndinaima.

Chomwe chinandifikira ndi ichi: Adona atha kukhala akulira panopa, ndipo palibe munthu padziko lonse amene angamve. Ndinaona amuna anga akuwerama kutola chinachake, kamphindi kokha. Ndinawerenga mpaka faifi. Ndinawerenganso. Kenako mutu unayamba kuyeza: kuchokera pamene ndaimapa, chothamanga, pa bedi ndifika kapaipi kasanachite kanthu. Kuchokera pansanjika yachiwiri, mwina. Kuchokera pa geti ndi mphindi zinayi, ndipo mphindi zinayi ndaziona zomwe zimachita. Ndinagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri.

Ndinadzikalipira. Ndinati iwe, dzulo lomweli waona ndi maso ako bambo ake akulowetsa kapaipi. Sisita ali pompo. Anamwino alipo atatu. Mutu unkavomereza zonsezo, miyendo ndiyo inakana.

Ndinayesa katatu. Kachiwiri ndinafika mpaka pa chitseko cha pansanjika yachiwiri, ndinachikhudza, kenako ndinapezeka ndili pokhota paja ndikupuma mwawefuwefu, osadziwa kuti ndakwera bwanji. Kachitatu ndinangotsitsa phazi limodzi n'kulibweza. Ndinakhala pansi pakona, chikwama pamiyendo.

Anthu ankadutsa. Abambo ena okankha zakudya, dokotala wina akulankhula pa foni, mayi wokolopa wa wodi ina amene anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ee. Anakolopa mondizungulira.

Pamenepo ndi pomwe ndinaiona nyumba yathu bwinobwino, koyamba m'miyezi yambiri. Chipinda chathu ndi chaching'ono kuposa wodi. Kulibe belu loti ukadina namwino abwere. Kulibe woima pamalo pako ukafuna kusamba. Amuna anga azichoka seveni koloko n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo pakati ponsepo ndizikhala ine, Adona ndi makina awiri. Magetsi akazima ndine. Kapaipi kakatsekeka ndine. Milomo ikada, palibe mapazi amene adzamveke akuthamanga mu kolido. Ndinkaopa. Chaka chonse ndinkauza anthu kuti ndikuwolera muno, ndipo sindinkanama, koma kunjako ndinkakuopa koposa.

Ndinalira pang'ono, osati kwambiri, chifukwa ndinkafuna kumva ngati chitseko cha pamwamba chingatseguke mothamanga. Sichinatseguke. Nthawi yotsalayo ndinaithera kukonza bodza. Ndinalikonza bwino, ndi timaluwa take. Foni itaonetsa folo koloko ndinapukuta kumaso, ndinakwera masitepe aja, ndinaima kaye pa chitseko kuyeserera kumwetulira.

"Anthuni, kunjaku kwasintha!" ndinayamba ndili pakhomo la wodi. "Geti analipaka utoto wina. Mnzanga, mayi wa nthochi uja alipo, koma wanenepa simungamuzindikire. Ndinayenda mpaka pokwerera basi. Koma dzuwa lake, ndinachita kubisala pansi pa mtengo."

Amuna anga anali pa mpando, Adona ali pamiyendo pawo, ndipo ankayang'ana nsapato zanga. Mayi a Pawindo anaweramira bulangeti la mwana wawo n'kumalikonza pomwe linali lokonza kale. Kumbuyo kwawo, pa windo, mvula inkakhuthuka. Madzi ankatsika pagalasi mwakuti msewu wa pansi sunkaoneka.

"Yayamba hafu pasiti thuu," anatero Mayi a Pawindo chapansipansi, ngati akupepesa.

Diresi langa linali louma. Tsitsi linali momwe anandipesera. Nsapato zinali zoyera ngati zangochoka m'chikwama.

Sisita anadzuka pa tebulo lake, fayilo ili m'manja, anabwera pafupi kuti ena asamve, ngakhale onse ankamva.

"Munafika pati, mayi?"

"Pokhota masitepe."

Anagwedeza mutu ngati malowo akuwadziwa. Cholembera sichinatuluke m'thumba.

"Loweruka likubwerali, bambo akapumanso kuntchito," anatero. "Makatoniwa abwezereni pansi pa bedi, anthu angapunthwe."

Ndinadikira amuna anga. Anali ndi ufulu wondibwezera mawu anga onse aja, ndi ena owonjezera, ndipo ndikanawalandira. Ndinkafuna ndithu kuti andikalipire. Iwo anadzuka, anandipatsa mwana mosamala, dzanja limodzi likuchirikiza khosi.

"Ndamukoka makhololo kanayi," anatero. "Wadya theka. Anagona pang'ono, ndinamulumikiza ku makina."

Anagwada n'kukankhira makatoni aja pansi pa bedi, limodzilimodzi, mpaka anagunda khoma. Anadzuka akusasa m'mawondo.

"Kabedi kake ndapaka utoto dzulo," anatero osandiyang'ana. "Bola, kauma bwino."

Anayang'ana mvula ija, anakweza kolala ya malaya, anatuluka. Ndinamva mapazi awo mu kolido, kenako chitseko chikutsekeka. Mlungu wina wathunthu m'chipinda chomwechi, ndipo ulendo uno chifukwa cha ine. Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi, ndinayang'ana pakhosi pa mwana wanga, ndipo Mulungu andikhululukire, mtima wanga unakhala pansi.